Woyendetsa Makina Olemba ndi Kudinda Machip: Ntchito Yake Ili Pati?

 Aphunzitsi ndi inu ophunzira za magetsi, nkhani yathu ndi yaitali kuposa nthawi imene tili nayo, ndiye tingoyamba.

Mukatsegula mita ya magetsi yolipiriratu, dikoda, limoti ya TV, kapena kabokosi kolamulira injini ya galimoto, mupezamo bodi, ndipo pabodipo pali tinthu takuda ta miyendo yambirimbiri. Amisiri amati ma IC, ena amati machip. Ena mwa machip amenewa amachoka kumene anapangidwa ali opanda kanthu m'kati. Microcontroller yongotuluka m'paketi siidziwa ngati ikukakhala mu mita kapena mu firiji, mpaka wina ailowetsere pulogalamu yake, imene amaitcha firmware. Amene munaonapo mmisiri wa pamsika akuflasha BIOS ya laputopu ndi kachipangizo ka pa USB, ntchitoyi munaiona kale. Kungoti iye amalemba chip imodzi, ndipo ikakanika amayambiranso. Ife lero tikukamba zolemba machip 10,000 tsiku limodzi, onse n'kutuluka ali ndi pulogalamu yoyenera m'kati ndiponso chizindikiro choyenera pamsana.

Kwawo kwa ntchitoyi ndi kumene kuli mafakitale osonkhanitsa zipangizo zamagetsi: Shenzhen ku China, Penang ku Malaysia, Guadalajara ku Mexico, ku Taiwan, ndi m'mafakitale a zida za magalimoto ku Ulaya. Makampani akuluakulu ogulitsa machip, monga Arrow ndi Avnet, ali ndi malo awoawo kumene kasitomala amatumiza fayilo n'kulandira machip olembedwa kale. Opanga makinawo ndi owerengeka. Data I/O ya ku Redmond, ku America, yakhala pa ntchitoyi kuyambira 1972. BPM Microsystems ya ku Houston inayamba mu 1985. Ku Taiwan kuli Hi-Lo Systems ndi DediProg. Chakufupi kuno, ku Durban kuli Conlog, kampani yopanga mamita olipiriratu, ndipo mita iliyonse yotuluka m'fakitale yotero iyenera kukhala ndi firmware.

N'zotheka kulemba chip itamatidwa kale pa bodi, kudzera pa timawaya ta JTAG, ndipo mafakitale ambiri amatero. Koma memory ya wailesi ya galimoto yamakono imanyamula magigabayiti angapo, ndipo kuilemba pa mzere wosonkhanitsira kumaimitsa mabodi ena onse akudikira. N'chifukwa chake eni mafakitale amakonda kuti machip alembedweretu pambali, afike pa mzere ali okonzeka.

Makinawo ndi kabati wamkulu wa zitseko zoonekera m'kati. M'kati mwake muli mkono woyenda pa tinjanji, kutsogolo, m'mbuyo ndi cham'mbali. Kunsonga kwa mkonowo kuli timilomo tokoka mpweya, ma nozzle, tomwe timanyamula chip pamsana osakhudza miyendo. Machip amabwera m'njira zitatu: mu thileyi ya timabowo ta muyezo wa JEDEC, mu chubu cha pulasitiki, kapena mu tepi yokulungidwa pa reel, chip iliyonse m'kathumba kake. Mkono umatola chip, umaidutsitsa pamwamba pa kamera kuti kompyuta ione ngati yakhala mowongoka, n'kuiika mu soketi. Soketi ikatseka, makina amayamba n'kuyesa ngati miyendo yonse yakhudza. Kenaka amafunsa chip dzina lake, pakuti machip ambiri ali ndi manambala odzitchulira amene owapanga anaikamo. Amaona ngati ilibe kanthu, amafufuta ngati muli zakale, amalemba, ndiyeno amawerenga zonse zimene alemba n'kuziyerekeza ndi fayilo, byte ndi byte. Ngati kasitomala anapempha, amatseka chip kuti wina asadzakope za m'katimo. Chip yopambana imapita kokadindidwa, kamera ina imaona chidindocho ndi miyendo, ndipo imalowa mu tepi yatsopano n'kumatidwa pamwamba. Yolephera imagwera m'bokosi la zokanidwa. Masoketi amakhala ambiri, onse akugwira nthawi imodzi, kotero kuti makina abwino, pa machip a fayilo yaing'ono, amapitirira 1,000 pa ola.

Funso limene ena muli nalo ndikulidziwa. Ngati makina akuchita zonsezi okha, munthu waimirirapo chiyani?

Tamverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Nyali yobiriwira ikayaka, makina akukuuzani chinthu chimodzi chokha: zimene zili mu chip n'zofanana ndi fayilo imene munawapatsa. Sakukuuzani kuti fayiloyo ndi yoyenera. Mukawapatsa firmware ya mwezi watha, imene mainjiniya anaichotsa kale chifukwa inali ndi vuto, adzailemba mokhulupirika, adzaitsimikizira, ndipo nyali idzayaka yobiriwira maulendo 10,000. Onjezanipo ichi: chip yolembedwa ndi yosalembedwa zimafanana ndendende. Mtundu susintha, kulemera sikusintha. Ngakhale injiniya amene analemba pulogalamuyo, mutamuikira machip awiri m'manja, sangakuuzeni kuti wolembedwa ndi uti. Chimene maso a munthu angaone ndi lebulo basi. Kuchokera pamene chip yatuluka m'makina anu, aliyense woigwira, wa kusitolo, wa pa mzere, wokonza zinthu patapita zaka zisanu, adzakhulupirira lebuloyo osafunsa. Ntchito ya woyendetsa makina ndi kuonetsetsa kuti zimene lebulo ikunena ndi zimene zilidi m'kati.

Lebuloyi inayamba kalekale, ndipo poyamba inali ndi ntchito ziwiri. Mu 1971 Dov Frohman wa ku Intel anatulukira EPROM, memory imene inkatheka kulembedwa ndi magetsi koma kufufutidwa ndi kuwala kwa ultraviolet. Pamsana pake panali kawindo ka quartz koti kuwalako kulowerepo. Vuto linali lakuti dzuwa nalonso lili ndi kuwala komweko. Mapepala a opanga machip ankachenjeza kuti dzuwa lachindunji likhoza kuyamba kufufuta chip pa mlungu umodzi, ndipo nyali za fluorescent za mu ofesi pa zaka ngati zitatu. Choncho mmisiri akalemba EPROM ankamata kapepala pa windo, ndipo poti kapepalako kanali kale pamenepo, ankalembapo dzina la pulogalamu ndi tsiku. Fujio Masuoka wa ku Toshiba atabweretsa flash memory m'zaka za m'ma 1980, yomwe imafufutika ndi magetsi, kawindo kanayamba kutha. Lebulo inatsala, chifukwa ntchito yake yachiwiri sinathe.

Tiyeni tsopano tilowe mu shifiti. Ine ndimaona kuti theka la ola loyamba, makina asanayambe n'komwe kuyenda, ndi limene limagamula za tsiku lonse, ndipo ndi pamene anthu amapupuluma kwambiri chifukwa kapitawo akuyang'ana wotchi.

Choyamba n'kusesa ntchito ya dzulo. Chip iliyonse yotsala mu soketi, mu thileyi, pansi pa tinjanji kapena m'bokosi la zokanidwa ichoke. Malebulo a oda yapita achoke mu printer. Chip imodzi ya dzulo ikasakanikirana ndi za lero, idzalandira lebulo ya lero, ndipo palibe adzaipezenso mpaka itakakanika m'manja mwa wogula.

Kenaka werengani nambala ya chip pa paketi, chilembo ndi chilembo, mpaka kumapeto, n'kuiyerekeza ndi ya pa pepala la oda. Ndikuti mpaka kumapeto chifukwa msampha umakhala kumchira. Amene mumagwiritsa ntchito Arduino Uno mukuidziwa ATmega328P. Ilipo inzake, ATmega328, yopanda P, yofanana nayo maonekedwe ndi miyendo, koma ikafunsidwa dzina imayankha 1E 95 14 pamene ya P imayankha 1E 95 0F. Pamenepo makina amakana, ndipo kukanako ndi mwayi wanu. Pulogalamu yoyendetsa makina imakhala ndi kabokosi kozimitsira kufunsa dzinaku, ndipo tsiku lina munthu wofulumira adzakuuzani kuti ingozimitsani tione. Musazimitse. Chitsanzo china ndi cha ma flash a Winbond: W25Q64FV imagwira pa mavolti 3, W25Q64FW imagwira pa 1.8. Kusiyana n'chilembo chimodzi. Mukapereka mavolti a yoyamba kwa yachiwiri, mwaizunza chip, ndipo mwina siionetsa kuvulala kwake lero.

Ndiye fayilo. Imabwera ngati Intel HEX, yomwe mzere uliwonse umayamba ndi timadontho tiwiri, kapena S-record ya Motorola, yomwe mzere uliwonse umayamba ndi S, kapena binary wamba. Musadalire dzina la fayilo, chifukwa dzina aliyense akhoza kulisintha, ndipo mu kompyuta ya fakitale simulephera kupezeka mafayilo atatu onse odzitcha omaliza. Dalirani checksum. Imeneyi ndi nambala imene kompyuta imaipeza powerengera ma byte onse a fayilo, ndipo byte imodzi ikasintha, nambalayo imasinthanso. Kasitomala amalemba yake pa oda, makina amaonetsa yawo pa sikirini. Zikasiyana ngakhale pa nambala imodzi, ntchito siyamba. Koma checksum yongophatikiza ma byte chabe ili ndi chofooka chake, chifukwa ma byte awiri akasinthana malo kuphatikizako kumatuluka chimodzimodzi. N'chifukwa chake makasitomala osamala amapereka CRC32 kapena SHA-256.

Palinso timasankho tina timene sitikhala mu fayilo nthawi zonse: ma fuse ndi ma lock bit. Fuse imodzi imauza microcontroller kuti itenge wotchi yake m'kati kapena kwa crystal ya kunja. Mukaiuza kuti idikire crystal pa bodi yopanda crystal, chip imangokhala duu ngati yakufa, chikhalirecho pulogalamu yalowa bwinobwino. Machip ena ndi olemba kamodzi kokha, amawatcha OTP, ndipo pa amenewo palibe kubwerera. NAND flash nayo ili ndi khalidwe lake: imachoka kufakitale ili kale ndi zigawo zina zowonongeka, zoikidwa chizindikiro ndi woipanga. Makina ayenera kuzilumpha m'njira yomweyo imene firmware ya kasitomala idzazilumphire, apo ayi bodi siidzadzuka. Zimenezi woyendetsa makina sazisankha yekha, koma ayenera kuzidziwa kuti azindikire pamene pepala ndi sikirini zikutsutsana.

Zonse zikagwirizana, lembani chip imodzi yokha, n'kuima. Iwerengeninso pa chipangizo china, muone chidindo chake ndi galasi lokulitsa, muone ngati kadontho ka mwendo woyamba kaloza kumene tepi ikufuna, ndipo munthu wachiwiri asaine. Kumene kuli kotheka, chip yoyambayo imatidwe pa bodi yeniyeni, ayatse, aone ikugwira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyerekeze makina akulemba 1,500 pa ola: pa shifiti ya maola 8 ndi machip 12,000. Mphindi 20 za chip yoyamba n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kutsegula ma reel onsewo mawa, kapena kuyezula machip pa mabodi omatidwa kale.

Pali adani awiri osaoneka amene ndiyenera kuwatchula, ndipo onse awiri amadikira pamene paketi yatsegulidwa.

Woyamba ndi static, magetsi aja amathetheka mukavula juzi ya nayiloni usiku mu June kapena July, mpweya utauma. Munthu amayamba kuwamva akafika mavolti pafupifupi 3,000. Machip ena amawonongeka ndi mavolti 100. Ndiye kuti mukhoza kupha chip osamva kanthu. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina siifa, imangovulala, imapambana mayeso onse lero n'kukafera mu galimoto ya munthu chaka chamawa. N'chifukwa chake muyezo wa ANSI/ESD S20.20 umakamba za lamba wa pamkono wolumikizidwa ku earth, nsapato ndi jasi zapadera, ndi matebulo otaya static pang'onopang'ono. Lambayo ali ndi resistor ya 1 megohm m'kati, yoteteza inuyo mutakhudza waya wamoyo. Amayesedwa tsiku lililonse polowa, chifukwa waya wake amaduka m'kati kunja akuoneka bwino. Kapu ya pulasitiki, chipeso, jumbo, zonsezi zisafike pa tebulo.

Wachiwiri ndi chinyezi. Pulasitiki wakuda wa chip amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Pamene bodi ikulowa mu uvuni wosungunula solder, kutentha kumafika madigiri 245 mpaka 260. Madzi aja amasanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndipo chip imang'ambika m'kati monga chimanga cha mbuliwuli chimaphulikira pamoto. Miyezo ya J-STD-020 ndi J-STD-033 imagawa machip m'magulu otchedwa MSL. Chip ya MSL 3, yomwe ndi yofala kwambiri, ili ndi maola 168 okha, mlungu umodzi, kuchokera pamene thumba latsegulidwa kufika pamene yalowa mu uvuni, ndipo kuwerengaku n'kwa chipinda chosapitirira madigiri 30 ndi chinyezi cha 60 peresenti. Ya MSL 4 ili ndi maola 72. Wotchi imeneyi imayamba m'manja mwanu, inu otsegula thumba. M'thumbamo mumakhala kakhadi ka timadontho tosintha mtundu chinyezi chikalowa. Kayang'aneni musanachite china chilichonse. Lembani ola limene mwatsegula, lembaninso ola limene mwatseka thumba latsopano, kuti wolandira adziwe maola amene atsala. Nthawi ikapitirira, machip amaumitsidwa mu uvuni wa madigiri 125, koma ali mu thileyi yopirira moto, osati mu tepi, chifukwa tepi imapindika. Woyendetsa makina wosiya thileyi poyera Lachisanu madzulo n'kuipeza Lolemba wadya maola oposa 60 a kasitomala, ndipo ngati sanalembe, wanama.

Makina akayamba kuyenda, ntchito yanu imasanduka kuwerenga. Pa sikirini pamaoneka machip opambana ndi olephera pa soketi iliyonse, ndipo manambala amenewo amalankhula kwa amene waphunzira kuwamva. Zolephera zikaunjikana pa soketi imodzi, vuto ndi soketiyo: timawaya take tatha mphamvu kapena tadetsedwa ndi tin wochokera ku miyendo ya machip. Soketi ndi chinthu chotha, ili ndi maulendo owerengeka, ndipo makina amasunga chiwerengero chake. Zolephera zikamwazikana pa masoketi onse, ndipo zayamba pamene mwatsegula reel yatsopano, kaikirani lot ya machip. Mkono ukamagwetsa machip kapena kuwatola mopendekera, onani nozzle, onani ngati mpweya wa kompresa watsika, onani ngati malo amene munaphunzitsa mkono asuntha. Pa machip ena a QFP miyendo imatalikirana theka la milimita, ndipo mwendo umodzi ukakwera kuposa inzake ndi pafupifupi 0.1 mm, sudzagwira solder. Soketi yoipa ikhoza kupinda mwendo womwewo pa chip iliyonse yodutsamo, nyali ikuyakabe yobiriwira.

Chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri pa ntchitoyi n'chotenga zokanidwa n'kuzibwezera m'makina mobwerezabwereza mpaka zipambane. Kubwereza kamodzi, pa soketi ina, malinga ndi malamulo a fakitale, n'kwanzeru, poti mwina vuto linali fumbi. Koma chip imene yakana katatu n'kuvomera kachinayi sinachire. Yangodutsa pa mpata, ndipo manambala a shifiti yanu akongola ndi chinthu chimene chikapweteke wina.

Tsopano ndifike pa mphindi yoopsa kuposa zonse, pamene makina aima pakati pa ntchito. Mwina tepi yakola, mwina chip yagwa, mwina magetsi athima ndipo UPS sinakwanitse. Pa nthawi imeneyo m'makinamo muli machip a mitundu inayi: osalembedwa, olembedwa theka, olembedwa koma osadindidwa, ndi omalizidwa. Atatu oyambawo maso sangawasiyanitse. Dzanja limafuna kutola chip imene ili pa nozzle n'kuiponya mu tepi yotuluka kuti ntchito ipitirire. Pamenepo ndi pamene chip yopanda kanthu imalowera pakati pa zolembedwa. Lamulo lake n'lapafupi: chip iliyonse imene simukudziwa pamene inafika imabwerera koyambira kapena kupita ku zokanidwa, ndipo dzanja la munthu siliika kanthu mu tepi yotuluka. Yagwa pansi, yakanidwa, ngakhale ikuoneka bwino. Pomaliza oda, masamu atseke: machip olowa akhale ofanana ndi opambana kuphatikiza okanidwa. Munalandira 5,000, opambana ndi 4,985, okanidwa ndi 14. Imodzi ili kuti? Simupita kunyumba musanaipeze, chifukwa ngati siili pansi, ili pamalo pamene siiyenera kukhala.

Kuima kotereku kumakhudzanso manambala. Machip ambiri salandira fayilo yofanana yokha. Iliyonse imalandiranso nambala yakeyake. Chipangizo cholumikiza ku netiweki chimafuna MAC address ya ma bit 48, ndipo kawirikawiri 24 oyamba ndi a kampani, operekedwa ndi bungwe la IEEE. Zipangizo ziwiri za address imodzi pa netiweki imodzi zimasokonezana. Makina akayambiranso atazima, onani kuti kuwerenga kwapitirira pamene kunalekezera, sikunabwerere m'mbuyo, ndipo nambala ya chip yokanidwa yalembedwa kuti yatayika. Masiku ano makasitomala ena amalowetsanso makiyi achinsinsi mu chip iliyonse, ochokera m'kabokosi kotetezedwa kotchedwa HSM, komwe kamalola chiwerengero chokhacho chimene chinalipiridwa. Pamalo otero flash disk ya m'thumba mwanu ilibe malo, ndipo fayilo ya kasitomala siituluka pakhomo.

Kudinda kumachitika m'njira zitatu. Yosavuta ndi kadontho ka inki, mtundu uliwonse n'kutanthauza firmware yake. Ndi yotsika mtengo, koma imadalira kuti wina akumbukire tanthauzo la mitunduyo. Yachiwiri ndi lebulo yomata, ndipo iyenera kukhala ya polyimide, pulasitiki wopirira moto wodziwika ndi dzina la Kapton, chifukwa ya pepala siingapulumuke mu uvuni. Lebulo isapitirire m'mphepete, isaphimbe kadontho ka mwendo woyamba, ndipo isakhale ndi khwinya, poti nozzle ya makina a pa mzere idzatola chip pamwamba pa lebulo pomwepo. Yachitatu ndi laser, imene imazokota zilembo kapena Data Matrix pa pulasitiki weniweniyo. Imeneyi siifufutika, ndiye kulakwitsa kwake sikufufutikanso. Ikazama kwambiri imafika pafupi ndi timawaya ta m'kati tolumikiza silicon ndi miyendo. Ikachepa mphamvu, kamera siiwerenga.

Za laser ndinene mosabisa. Kuwala kwa fibre laser ndi kwa CO2 laser sikuoneka ndi maso, choncho diso siliphethira kuti lidziteteze. Makina ndi otetezeka chifukwa laser yatsekeredwa m'bokosi, ndipo chitseko chili ndi switch yoizimitsa mukatsegula. Munthu womata tepi pa switch imeneyo kuti asamachedwe potsegula ndi kutseka wachotsa chitetezo chonse, chake ndi cha mnzake wa shifiti yotsatira amene sakudziwa. Utsi wa pulasitiki wozokotedwa si wopuma. Fyuluta yokoka utsi ikadzaza, makina aime.

Chidindo chili ndi mbali ina yakuda imene muyenera kuidziwa. Mu 2012 komiti ya nyumba ya Senate ku America yoona za asilikali inatulutsa lipoti lonena za milandu pafupifupi 1,800 ya zida zamagetsi zokayikitsa kuti n'zachinyengo, zoposa 1 miliyoni, zimene zinalowa m'njira yogulira katundu wa asilikali. Zambiri zinali machip akale oyezulidwa pa mabodi otayidwa, opalidwa pamsana, opakidwa utoto wakuda, n'kudindidwa dzina ndi tsiku latsopano. Mu 2021, machip atasowa dziko lonse mpaka mafakitale a magalimoto kuima, makampani ambiri anagula kulikonse kumene anapeza, ndipo achinyengo anapeza msika. Woyendetsa makina olemba kawirikawiri ndiye munthu woyamba kupatsa chip magetsi ikafika m'fakitale. Chip yatsopano yopezeka ili kale ndi pulogalamu m'kati, kapena yoyankha dzina losiyana ndi la pamsana, kapena ya miyendo yoonetsa solder wakale, ndi nkhani yokanena kwa a quality nthawi yomweyo, osati yongofufuta n'kupitiriza. Ndipo luso lomwelo la laser limene mudzaphunzire ndi limene achinyengowo amagwiritsa ntchito. Wina akadzakupemphani kusintha tsiku pa chip, dziwani kuti akukupemphani kulowa m'gulu lawo.

Kuti muone utali wa moyo wa zimene zimalowa mu chip, taganizani za mayunitsi a magetsi amene mumagula, manambala 20 aja otchedwa token. Mamita a muyezo wa STS, umene unayambira ku South Africa n'kufalikira m'mayiko ambiri, ankazindikira token iliyonse ndi nambala ya mphindi zowerengedwa kuchokera pa 1 January 1993. Malo a nambalayo ndi ma bit 24, ndiye kuti mphindi 16,777,216, ndipo zinatha pa 24 November 2024. Mamita mamiliyoni ambiri anayenera kulandira ma token apadera osinthira kiyi, mita iliyonse payokha, munthu akudina mabatani. Chosankha chimene anthu anachita m'zaka za m'ma 1990 chinakhala chete mu firmware zaka zoposa 30. Makampani a magetsi anatha kukonza chifukwa mita iliyonse ili ndi nambala yake yolembedwa m'kaundula. Chimodzimodzi, galimoto zikaitanidwa kuti zibwerere chifukwa cha vuto la firmware, funso loyamba limakhala lakuti vutolo lili mu lot iti. Ngati malebulo ndi zolemba za woyendetsa makina zili zoona, amaitana zochepa zokhudzidwazo. Ngati zili zokayikitsa, amaitana zonse.

Ambiri a inu simudzayamba ndi makina aakulu chonchi, ndipo si vuto. Programmer yaing'ono monga TL866 kapena CH341A imatsata njira yomweyi: kufunsa dzina, kufufuta, kulemba, kutsimikizira. Aphunzitsi, ndikupempheni kuti mu labu muike lamba wa pamkono ndi buku lolembamo ntchito pambali pa programmer iliyonse, ndipo wophunzira asalandire malikisi pa bodi yogwira ngati sangaonetse checksum ya zimene analowetsamo. Inu ophunzira, sabata ino tengani datasheet ya chip imodzi, mupeze nambala yake yodzitchulira, mavolti ake ndi MSL yake, mulembe machip asanu, muwamate malebulo, ndipo mupatse mnzanu awawerenge aone ngati malebulo anu akunena zoona. Amene muli ndi mafunso, kwezani manja tiyambe.